Kutsata Ngalande za Madzi Kumtunda kwa Capileira

Mudzi wa Capileira uli pa mamita pafupifupi 1,436 kuchokera pamwamba pa nyanja, m'dera la Alpujarra kum'mwera kwa mapiri a Sierra Nevada, m'chigawo cha Granada ku Spain, ndipo ndi kumene ndakhala ndikuyambira maulendo anga oyenda pansi kuyambira mwezi wa Epulo. Cholinga chomwe ndinadziikira poyamba chinali kulimbitsa miyendo ndi mapapo kuti tsiku lina ndidzafike pansonga ya Mulhacén, yomwe ndi mamita 3,479 ndipo imaposa Sapitwa ndi mamita oposa 400. Cholingacho chidakalipo, koma pamene ndikupita patsogolo, chimene chandikoka mtima koposa ndi ngalande za madzi zomwe zimadutsa m'mbali mwa mapiriwa, kotero kuti masiku ano ndimasankha njira potengera ngalande yomwe ndikufuna kuitsata.

Ndinayamba ndi njira yapansi, yolumikiza midzi itatu ya m'chigwa cha Poqueira, yomwe ndi Pampaneira, Bubión ndi Capileira. Zizindikiro zake ndi mizere yachikasu ndi yoyera yopakidwa pamiyala ndi pamitengo, pomwe mizere yofiira ndi yoyera imasonyeza njira zazitali monga GR 7, imene imadutsanso m'derali. Njira imeneyi siyovuta kwa munthu wozolowera kuyenda, ngakhale kuti kutsikira kumtsinje ndi kukweranso tsidya lina kumatopetsa mawondo. Phindu lake lalikulu ndi lakuti ukaima tsidya la kumadzulo umaona midzi yonse itatu itasanjikana pachitunda, nyumba zake zoyera ndi laimu, madenga ake afulati omatidwa ndi dongo lotuwa lotchedwa launa, ndiponso machumuni ataliatali okhala ndi mwala wosalala pamutu. Mu 1982 boma linaika midzi ya m'chigwachi pansi pa chitetezo monga malo a mbiri yakale, ndipo n'chifukwa chake ngakhale nyumba zatsopano zimatsata kamangidwe komweko.

Nditazolowera njira imeneyo ndinasamukira ku njira yozungulira ya La Cebadilla, imene imanditengera maola atatu kapena anayi. Imachoka kumtunda kwa Capileira, kulowera mkati mwa chigwa mpaka pa kamudzi kamene anamangira antchito a pamalo opangira magetsi a mphamvu ya madzi m'zaka za m'ma 1950. Lero m'kamudziko simukhala anthu, ndipo katchalitchi kake ndi nyumba zake zangotsala mabwinja, koma makina opangira magetsi akugwirabe ntchito m'mphepete mwa mtsinje. Pobwerera munthu amaoloka mtsinje n'kudutsa m'minda yakale yamasitepe, pakati pa mitengo ikuluikulu yobereka mtedza yotchedwa castaño ndi nyumba za kumunda zomangidwa ndi miyala, zina zogumuka, zina zokonzedwanso. Pamenepa m'pamene ndinayamba kuona malo ozungulira oyalidwa miyala, omangidwa mwadala pamphepete pomwe pamawomba mphepo, pomwe alimi ankapunthira ndi kupetera tirigu mothandizidwa ndi nyulu. Malo otere alipo ambiri kuposa m'mene munthu angaganizire, ndipo kuchuluka kwake kumasonyeza kuti zitunda zomwe lero zamera tchire kale zinkadyetsa mabanja ambiri.

Funso lomwe linandivutitsa pa ulendo umenewo linali lakuti minda yonseyi inkapeza kuti madzi, popeza kuno chilimwe chimakhala chouma kwambiri ndipo mvula siigwa kwenikweni mu Julaye ndi Ogasiti. Yankho lake lili pamwamba, pa njira ya tsiku lonse imene imatsata ngalande ziwiri, Acequia Baja ndi Acequia Alta, ndipo iyi ndiyo njira imene ndikulimbana nayo panopa. Ngalandezi zinakumbidwa m'mbali mwa phiri motsetsereka pang'ono kwambiri, moti madzi amayenda modekha mtunda wautali popanda kukokolola nthaka, ndipo woyenda m'mphepete mwake amamva ngati akuyenda pamalo osalala ngakhale kuti pansi pake pali phompho. Luso limeneli linakhazikika m'nthawi imene Asilamu ankalamulira derali, ndipo iwo ndi amene anatchukitsanso Alpujarra ndi ulimi wa mitengo ya mabulosi yodyetsera mbozi za silika. Ufumu wa Granada unagwa mu 1492, kenako mbadwa za Asilamuwo, zotchedwa Moriscos, zinaukira mafumu a Spain kuyambira 1568 mpaka 1571, ndipo zitagonjetsedwa zinathamangitsidwa m'derali. Anthu amene anabweretsedwa kuchokera m'madera ena a Spain anapeza ngalande zili kale ndipo anapitiriza kuzigwiritsa ntchito, chifukwa popanda izo sakanakolola kanthu.

Chimene chimandizizwitsa kwambiri ndi mtundu wina wa ngalande, wotchedwa acequias de careo, umene ntchito yake siyothirira munda mwachindunji. Chipale chofewa chikayamba kusungunuka m'miyezi ya Epulo, Meyi ndi Juni, madzi amakhala ochuluka kuposa omwe alimi akufuna, ndipo akanangothamangira kunyanja ya Mediterranean. M'malo mwake anthu amawapatutsa ndi kuwamwaza pamalo odziwika bwino pomwe nthaka ndi miyala yosweka zimamwa madzi. Madziwo amayenda pang'onopang'ono pansi panthaka, n'kudzatulukira m'akasupe a kumunsi patapita masabata kapena miyezi, nthawi yomwe dzuwa lafika poipa. Motero phiri lenilenilo limasanduka nkhokwe yosungiramo madzi a nthawi ya chilala. Ndimaona kuti nzeru imeneyi iyenera kulemekezedwa mofanana ndi nyumba zachifumu za Alhambra zomwe alendo amakhamukira mumzinda wa Granada, ngakhale kuti ambiri odutsa pano amangoilumpha ngalandeyo osaiganizira.

Ngalande sizidzisamalira zokha. Chaka chilichonse eni minda, kudzera m'magulu awo a othirira, amachotsa matope, miyala ndi udzu, ndipo pali munthu amene ntchito yake ndi kuyendera ngalande ndi kugawa madzi motsata nthawi ya aliyense. Popeza achinyamata ambiri anasamukira m'mizinda m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ngalande zina zinakwiririka, ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso: pansi pa ngalande yoyenda madzi pamakhala mzere wobiriwira wa mitengo ndi msipu, pomwe pansi pa yakufa pamakhala pouma ndi minga. Pachifukwa chimenechi ndimayenda mosamala kuti ndisagumule khoma la ngalande kapena kusuntha miyala ndi timatabwa totsekera madzi, popeza chooneka ngati kamwala wamba chingakhale chikugawa madzi a minda ya anthu angapo.

Kunena za thupi, kusintha kulipo ndithu. Poyamba ndinkapuma wefuwefu ndikangodutsa mamita 2,000, koma tsopano ndimafika pa nyumba ya kumunda ya m'phiri yotchedwa Cortijo de las Tomas ndili ndi mphamvu zokwanira kubwerera popanda kudzikoka. Ndodo ziwiri zoyendera zathandiza mawondo potsetsereka, ndipo ndimanyamuka mbandakucha chifukwa kumtunda kulibe mthunzi. Madzi akumwa ndimatunga pa akasupe a m'mudzi, chifukwa a m'ngalande amadutsa m'malo odyetsera ng'ombe ndi nkhosa. Kumtundaku, komwe kuli m'kati mwa malo otetezedwa a Sierra Nevada omwe anakhazikitsidwa mu 1999, ndimakumana kawirikawiri ndi mbuzi zam'tchire za nyanga zazikulu, zomwe siziopa anthu kwenikweni. Kukacha bwino nyanja imaoneka kum'mwera, ndipo eni dera amati nthawi zina mapiri a Rif a ku Morocco amaonekanso tsidya lake.

Gawo lotsatira ndi kukwera kuchokera pa Las Tomas kufika kunyumba yogona oyenda m'mapiri ya Refugio Poqueira, pa mamita 2,500, kuti ndione m'mene thupi lingachitire ndikagona pamwamba chotero. Kuchoka pamenepo njira yopita ku Mulhacén imatsata mtsinje wa dzina lomwelo mpaka pa kanyanja ka La Caldera, ndipo ndidikira kuti chipale chisungunuke kaye, popeza ndilibe zida kapena luso loyendera pa madzi oundana. Pakadali pano ndikufuna kubwereranso pa Acequia Alta Juni asanathe, madzi akadali ochuluka, kuti ndikatsate ngalandeyo mpaka pomwe imapatukira kumtsinje.