Wodwala kolera ali kutsidya: zimene achipatala amasankha okha

Malangizo osamalira odwala kolera ndi abwino, ndipo ndimawalemekeza. Koma amayenda bwino pamene msewu ulipo, ambulansi ili ndi mafuta, madilipi ali m'kabati. Kuno kuchigwa cha Shire, mvula ikagwa kumapiri a Mulanje, Ruo amadzaza, nkukankha madzi a Shire pa Chiromo, Makhanga nkusanduka chilumba. Zikatero namwino kapena mlangizi wa zaumoyo amatsala ndi pepala la malangizo m'manja, wodwala pamphasa, foni yopanda netiweki. Chimene asankhe pa ola limenelo ndicho chimapulumutsa kapena kutaya munthu.

Mliri umene unayamba mu March 2022, pambuyo pa anamondwe Ana ndi Gombe, unadwalitsa anthu oposa 58,000 m'dziko muno, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Ndiye kuti pafupifupi 3 mwa odwala 100 aliwonse, pamene kolera yothandizidwa msanga siyenera kupha ngakhale mmodzi mwa 100. Kusiyanaku kumabadwira m'maola oyambirira, wodwala asanaone geti la chipatala chachikulu.

Chisankho cholemera kuposa zonse ndi chakuti wodwalayu apite kapena akhale. Pepala limati amene watha madzi kwambiri m'thupi, maso alowa, khungu ukalitsina silibwerera msanga, sangathe kumwa, apite kumalo ogonekako odwala kolera. Koma ulendo wochokera kwa Nyachikadza pabwato, kenaka pakabaza dzuwa la kuno lili pamutu, ukhoza kumumaliza. Wodziwa ntchito amaika dilipi kaye, ulendo pambuyo. Muyeso wake sakambirana: madzi a dilipi otchedwa Ringer's lactate mamililita 100 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa wamkulu ndi mwana woposa chaka chimodzi, 30 oyambawo alowe pa mphindi 30, 70 otsalawo pa maola awiri ndi theka. Khanda losakwana chaka limalandira muyeso womwewo koma pa maola 6. Choncho bambo wa makilogalamu 60 akufunika malita 6 pa maola atatu okha. Cholakwika chofala ndi kutsegula dilipi pang'ono, kumadontha ngati ya malungo, poopa kuti itha msanga. Thumba limapulumuka, impso za munthu nkufa.

Nanga matumba akatsala 10, odwala ali 6? Apa ndi pamene nzeru za munthu zimaoneka. Odwala ambiri, pafupifupi 8 mwa 10, amachira ndi Thanzi yekha. Amene akutha kumwa amwe: mamililita 75 pa kilogalamu pa maola 4, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Akasanza, mudikire mphindi 10, muyambenso pang'onopang'ono ndi supuni. Vuto ndi lakuti abale amakhulupirira dilipi kuposa kapu. Amaona ngati wopatsidwa Thanzi wanyozedwa, ndipo wina akakhala m'bale wa amfumu kapena wa kutchalitchi kwa namwinoyo, mawu amakwera. Ndikunena mosabisa: dilipi yoperekedwa chifukwa cha ulemu yabedwa kwa amene afike usiku atakomoka. Namwino wabwino amaika m'bale mmodzi pambali pa wodwala, kumupatsa kapu, kumuuza kuti awerenge makapu amene alowa. M'baleyo akakhala ndi ntchito, mkangano umatha. Ndipo wapadilipi akangoyamba kumwa bwino, amuchotse, thumba lotsatira lipite kwa wina.

Klorini nayenso ali ndi mbali yosasinthika ndi mbali yofuna maso. Yosasinthika ndi kasungunulidwe. Klorini wa ufa wotchedwa HTH, magalamu 15 m'lita imodzi ya madzi, pafupifupi supuni yaikulu imodzi yosatumphuka, amapereka klorini wosungunula wa mphamvu ya 1%, amene amagawira mabanja. Magalamu 30 m'lita imodzi ndi 2%, ya chimbudzi cha wodwala, masanzi ndi mtembo. Magalamu 30 omwewo m'malita 10 ndi 0.2%, yokolopera ndi kupukutira mabedi. Yosamba m'manja ndi 0.05%, magalamu 15 m'malita 20. Ziwiri zomalizazi zipangidwe zatsopano tsiku lililonse, ndipo chigubu chilichonse chilembedwe, chifukwa pa maso zonse ndi madzi.

Yofuna maso ndi ya m'ndowa ya kumudzi. Kasupuni kakang'ono ka 1% kamakwana malita 20 a madzi oyera, nkudikira mphindi 30. Koma m'madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje mijigo imatulutsa madzi amchere, choncho anthu amatunga mu Shire kapena m'zitsime zokumba pamchenga. Madzi amatope amadya klorini asanaphe tizilombo. Mlangizi amene amangothira kasupuni kamodzi ndowa iliyonse watsatira pepala, koma sanateteze aliyense. Choyenera ndi kuwasiya madziwo adikhe, kuwasefa pachitenje choyera chopinda kangapo, kenaka kuwirikiza muyeso ngati akadali otuwa. Amene ali ndi kachida koyezera klorini ayese pakatha mphindi 30, aone ngati klorini wotsala wafika mamiligalamu 0.5 pa lita. Kupyola kwambiri nakonso ndi kutaya: madzi akanunkha, amayi amawathira pansi nkubwerera kumtsinje, ndipo mawa sabweranso ndi botolo. Kutentha kwa kuno kumafooketsa klorini wosungunula msanga, makamaka m'botolo loonekera mkati loikidwa pawindo. Nchifukwa chake kugawa pang'ono kawirikawiri kumaposa kudzazira banja botolo lalikulu la mwezi wonse.

Pamaliro ndi pamene ndimawamvera chisoni kwambiri alangizi, chifukwa ambiri amakhala m'mudzi momwemo, ndipo adzafunanso anthu omwewo pa tsiku la sikelo. Lamulo likuti mtembo utsukidwe ndi klorini wa 2%, pakamwa, mphuno ndi kumusi kutsekedwe ndi thonje lonyowetsedwa m'klorini, ukulungidwe, uikidwe msanga, ndipo pasaphikidwe chakudya. Zonsezi zili ndi chifukwa, pakuti madzi otuluka m'thupi la womwalirayo amakhala odzaza ndi tizilombo, ndipo manja osambitsa maliro ndi omwewo amakagwira mbale. Koma kuchita zimenezi chitseko chotseka, abale ali panja, ndiko kumabala mphekesera zoti achipatala achotsa ziwalo. Mphekesera zikafala, wodwala wotsatira amabisidwa m'nyumba. Mlangizi wanzeru amayamba wakhala pansi ndi amfumu ndi mwinimbumba. Amalola abale awiri, atavala magolovesi, aone zonse zikuchitika. Amalola anthu aone nkhope chapatali, abusa kapena ashehe apemphere, adzukulu agwire ntchito yawo. Chimene sagonjerapo ndi kugoneka maliro m'nyumba, beseni limodzi losambiramo m'manja anthu onse, ndi thobwa lotungidwa ndi chikho chimodzi. Ameneyu sanaphwanye lamulo, wagwira cholinga chake.

Za misika ndidutsapo mwachangu. Kuletsa zophikaphika kumamveka, koma mayi wa zitumbuwa akathamangitsidwa pamsika amakagulitsira kuseri, kumene kulibe ndowa ya mpopi kapena woyendera wa zaumoyo. Woyendera wabwino amayambira pa zoopsa zenizeni: madzi omanga m'mapepala, mafirizesi, thobwa, zakudya zozizira zosavindikira.

Palinso odwala ochokera ku Mozambique, amene amawoloka pa Marka kapena pa Shire penipeni. Mankhwala akachepa pamamveka mawu akuti tiyambe athu. Kolera sadziwa malire. Wobwezedwayo amadutsa m'madoko omwewo, mabanja a Chisena ali mbali zonse ziwiri. Alandiridwe, ndipo mudzi wake weniweni ulembedwe, osati wongopeka pofuna kupewa mafunso, chifukwa otsatira mliri amapita kumene kaundula wawalozera.

Ngakhale akuluakulu a zaumoyo a dziko lonse lapansi anasankhapo motere. Mu October 2022, katemera wa kolera atachepa, anagwirizana kuti anthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri kuti afikire ambiri. Anafotokoza chifukwa chake poyera, ndipo chimenechi ndicho ndikupempha kwa ogwira ntchito kumidzi. Wasunga wodwala amene pepala limati atumizidwe, alembe m'kaundula: nthawi imene anafika, mmene analili, malita amene alowa, ndi chifukwa chake, kaya ndi mlatho wokokoloka kapena bwato losowa. Nawo owayang'anira ochokera kuboma akafika, awerenge mzere wa chifukwawo asanadzudzule. Mizere imeneyo ikachuluka pachipatala chimodzi, ndiye kuti kumeneko nkofunika kutumizirako makatoni a Ringer's, Thanzi ndi HTH mu November, mitsinje isanadzaze.