Ulendo wa alezi ku Zomba: thobwa, zitsekerero ndi agogo

Tinapangana kuti 5 koloko m'mawa tikhale titanyamuka pa Dedza. Tinanyamuka nthawi itapitirira 6 koloko, ndipo amene anatichedwetsa akudzidziwa okha. Sindiwatchula poti anapepesa ndi zitumbuwa. Tinalipo anthu 14 opita kukaphunzira za kakulidwe ka ana kwa anzathu a ku Zomba, alezi 11 a ku mmera mpoyamba ndi akomiti atatu, osawerengera ndowa ya thobwa imene amayi apampando anaifungatira ngati khanda.

Pa Lizulu tinatsika kugula kabichi ndi mbatata ya kachewere, popeza kwa eni sapita chimanjamanja. Tsoka linayambira pamenepo. Kondakitala anasanjika thumba la mbatata pamwamba pa ndowa, chivundikiro n'kupindika. Titangopitirira Ntcheu tayala lakumbuyo linaphulika, minibasi n'kudzandira, thobwa n'kuyenderera pansi pa mipando mpaka kulowa m'nsapato zatsopano za abambo amsungichuma. Jeke analipo, koma sipanala yomasulira tayala inatsala kunyumba kwa dalaivala. Tinakhala m'mbali mwa msewu maola awiri mpaka mnyamata wa kabaza anakatibwerekera ina. Powoloka Shire pa Liwonde, fungo la m'galimoto linali ngati la pamowa wamasese, ndipo m'ndowa munali mutatsala theka.

Anzathu a ku Zomba anatilandira ndi nyimbo ngakhale tinawadikiritsa mpaka masana. Ntchito inayamba ndi makanda amene amayi awo anabwera nawo. Mlezi wamkulu wa kumeneko anayala mphasa, n'kukhazika mwana wa miyezi 5 pamiyendo pa mayi ake. Anamuonetsa sipuni yonyezimira, mwana n'kutambasula dzanja, kenako anaiphimba ndi chitenje mwanayo akuona. Mwana anangotembenuka kuyang'ana kwina ngati sipuniyo sinakhalepo. Wa miyezi 10 anakoka chitenje nthawi yomweyo. Pakati pa ana awiriwa pali chinthu chimene chimamera m'mutu cha m'ma miyezi 8: kudziwa kuti chimene chabisika chikadalipo. Nthawi yomweyonso ndi imene mwana amayamba kulira mayi akatuluka ndi kukana kunyamulidwa ndi alendo. Ena amati wayamba matama, chonsecho wangozindikira kuti mayi ake ali kwinakwake ndipo akuwafuna.

Anationetsanso pamene timalakwitsa poyesa. Mukabisa mothamanga mwana asanagwire chinthucho ndi maso, mwalephera ndinu. Mwana wanjala kapena watulo sayesedwa. Mayi asaloze, ngakhale ndi maso. Kenako anayala zitenje ziwiri, n'kubisa sipuni pansi pa choyamba katatu, mwana wa miyezi 10 uja akuipeza. Kachinayi anaibisa pansi pa chachiwiri, mwana akuonerera, koma iye anakafunabe pa choyamba chija. Tonse tinaseka, koma zimenezi n'zachibadwa pa msinkhu umenewu, ndipo zimatha mwana akamakwanitsa chaka.

Za ana a zaka 3 mpaka 5, amene ndiwo timakhala nawo tsiku ndi tsiku ku mmera mpoyamba, anagwiritsa zitsekerero za mabotolo. Mizere iwiri, uliwonse zitsekerero 6, moyang'anizana. Mwana wa zaka 4 anavomera kuti n'zofanana. Mlezi anatalikitsa mzere umodzi osawonjezerapo kanthu, mwana n'kuloza wautaliwo kuti ndiwo wochuluka. Mchemwali wake wa sitandade 2 anati, “Aphunzitsi, mwangozitayanitsa, simunaikepo china.” Jean Piaget wa ku Switzerland ndiye anatchukitsa kayesedwe kameneka, ndipo anaona kuti ana ambiri amakadutsa cha m'ma zaka 7. Chenjezo pa kayesedwe kameneka n'lakuti mukafunsa funso lomwelo kawiri motsatizana, mwana amaganiza kuti poyamba analakwa, ndiye amasintha yankho kuti akusangalatseni. Phindu lake kwa ife lili pogawa phala: makapu akhale ofanana, chifukwa mwana wa zaka 4 simungamuuze kuti kapu yaifupi yonenepa ili ndi phala lofanana ndi yaitali. Akulira zoona, si mwano.

Tsono pa nkhomaliro anatikonzera nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi matemba. Thobwa wotsala uja tinati tigawane tonse ndi eni mudzi, ndipo amayi apampando ankayeza ndi chikho chimodzi kuti pasakhale kukondera. Makapu okha ndiwo anali osiyana. Abambo amsungichuma, ataona kapu yawo yaifupi pambali pa yaitali ya alembi, anadzuka ndithu: “Amayi, nsapato zanga zamwa thobwa, ine mwini ndimwe wochepa?” Panali chete pang'ono, kenako kamtsikana ka sitandade 2 kaja kanati, “Agogo, n'chimodzimodzi.” Anthu anagwa nacho chiseko mpaka ena kutsamwa ndi minga ya matemba. Abambowo anaumirirabe kuti athire m'kapu yaitali aone okha. Anathira, thobwa n'kufika pamzere womwewo. Kuyambira tsikulo dzina lawo ndi a Kapu Yaifupi, ndipo akuyankhira.

Madzulo alangizi anatiphunzitsa za magawo 8 a moyo malinga ndi katswiri wa kakulidwe ka munthu Erik Erikson, kuyambira khanda lophunzira kukhulupirira womulera, wachinyamata wofufuza kuti iye ndani, mpaka nkhalamba yoyang'ana m'mbuyo kuti moyo wake unali waphindu kapena ayi. Anatchulanso MDAT, chida choyezera kakulidwe ka ana chimene chinapangidwa m'Malawi muno, chomwe chimaona mayendedwe, ntchito za zala, chiyankhulo ndi kakhalidwe ndi anzake. Anati mbali ya ubongo yoletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma imakhwima munthu atapitirira zaka 20. Zolemba zonse zili ndi alembi.

Chimene ife tilibe n'chakuti anzathuwa amaitana agogo a m'mudzi Lachisanu lililonse kudzaimba nthano ndi kuumba zidole ndi ana. Mwa iwo munali agogo ena amene anatifunsa katatu kuti tachokera kuti. Alezi ankayankha katatu konse ngati n'koyamba. Malangizo awo ndi awa: funso limodzi pa nthawi, osawayesa kuti “ndine ndani?”, osatsutsana nawo akaitana munthu amene anamwalira kale, ndipo malo okhala ndi nthawi ya chakudya zisasinthesinthe. Za dzulo amaiwala, koma nyimbo za pamtondo za utsikana wawo anaimba osaphonya mawu. Kuiwala kobwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka kungakhale matenda a ubongo a muukalamba, pamene kusokonezeka kwa masiku awiri atatu kumafuna chipatala msanga, chifukwa malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo amatha kuchititsa zimenezo. Agogo otere akapezeka akuyendayenda usiku ndi amene amanamiziridwa ufiti, pamene lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Tikuthokoza anzathu a ku Zomba potigoneka ndi kutifunditsa, amfumu potilola, amuna ndi apongozi amene anatsala ndi ana, komanso mnyamata wa kabaza uja. Iwo adzabwera kwathu tikakolola. Akomiti agwirizana kuti tigule makapu 40 ofanana, ndipo ndalama yake atulutse ndi a Kapu Yaifupi. Ndowa ya amayi apampando ikusowabe chivundikiro.