Chiwaya chomwe chinathawa ndi nyama

Mpando wanga wa pakompyuta utathyoka msana, matayala ake onse asanu anatsala ali bwinobwino. Wina akanangoutaya. Ine ndinayang'ana matayalawo n'kuona tsogolo. Masiku amenewo ndinkakhalira kuonera pa YouTube anthu akuphika panja pa ziwaya zikuluzikulu zafulati, zija zoyakira gasi: mbali ino nyama ili tswaa, mbali inayo anyezi, pakati mazira, wophikayo akungomwetulira. Ndinati kodi chovuta n'chiyani pamenepa? Chitsulo, miyendo inayi, moto pansi, basi. Ndipo changa chidzaposa zawozo chifukwa chidzakhala choyenda.

Ndinajambula zonse papepala, ndi rula, ndi mivi yoloza uku ndi uku, n'kupita nalo kwa bambo ena owotcherera zitsulo. Anthu amati bambowa ndi aluso. Ine ndinangoona kuti ndi okonda kutsutsa.

"Pamwambapa mwalemba kuti lata?"

"Eya amisiri, ndili nalo kunyumba, losalala, lowala bwino."

"Limenelo bwana sindikhudza. Kuwalako ndi zinki. Zinki amasungunuka pa madigiri 420, pomwe lawi la gasi limapitirira 1,000. Akapsa amatulutsa utsi woyera, mukaupuma mumagona mukunjenjemera, mutu waa, n'kumati ndi malungo. Ife owotchererafe timaudziwa. Ndiye mukufuna alendo anu adyere pamenepo?"

Pamenepo ndinawalola kuti apambane, poti munthu sumayamba ndi kukana zonse. Anatulutsa chitsulo chakuda chochindikala mamilimita 6 n'kunena kuti chiwaya cha masentimita 90 mulitali ndi 50 mulifupi chimafuna choterechi. Kulemera kwake ndi makilogalamu 21. Ndinachinyamula mbali imodzi, msana unandikumbutsa chaka chomwe ndinabadwa. Pakona panali china cha mamilimita 2, cha makilogalamu 7 okha. Ndinaloza chimenecho.

"Chipindika," anatero.

"Ndiye muchiwotcherere ku felemu mbali zonse zinayi, chisapeze kopindikira."

Amisiri anavula magalasi awo akuda aja n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Anandifotokozera kuti chitsulo chikatentha chimakula. Cha mita imodzi chikatentha ndi madigiri 250 chimatalika pafupifupi mamilimita atatu. N'chifukwa chake, akuti, chiwaya chabwino chimangokhazikidwa pa felemu, tizitsulo tating'ono n'kuchigwira m'mbali kuti chisatsetsereke, koma osachimanga. Chizitha kutambasuka moto ukayaka n'kubwerera ukazima. Ndinaseka mpaka anyamata awo anasiya kugogoda. Mamilimita atatu! Ndinawaonetsa pa rula kuti ndi kanthu kosakwana ndi njere ya mpunga yomwe. Munthu wamkulu n'kumaopa kameneka? Anati, "Mukatimana malo timamilimitato, tidzifunira tokha," n'kuvalanso magalasi.

Zina zonse tinadutsa mwachangu, ine ndikulamula, iwo akupukusa mutu. Bowo lotulukira mafuta anafuna likhale kumbuyo, kutali ndi wophika, pansi pake chitini. Ine ndinati likhale kutsogolo kuti ndiziona mafutawo akutuluka, ndipo kunyumba kunali kapu yapulasitiki yokongola yoti ndingoikoleka ndi waya. Chogwirira anati tiikepo thabwa. Ndinawakumbutsa kuti thabwa limapsa, aike chitsulo. Atafika pa matayala anawazunguliza ndi chala n'kufunsa kuti mabuleki ali kuti. Ndinati kodi imeneyi ndi galimoto? Anamangirira anayi, lachisanu lomwe ndinkafuna likhale pakati analiponya m'bokosi osanena kanthu.

Chinthu chimodzi chokha anakanitsitsa mpaka kuika pansi zida. Ndinali nditajambula shelefu pansi penipeni pa chiwaya kuti pazikhala silinda ya gasi. Anati silinda siikhala pomwe pakutentha kapena pomwe pangadonthere mafuta amoto, komanso gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka sakwera kumwamba koma amadikha pansi n'kudikira moto. Silinda iime chilili pambali, payipi ikhale yaitali. Analumikiza okha mbaula ziwiri za gasi pansi pa chiwaya, n'kupaka thovu la sopo molumikizira monse kuti aone ngati pakutumphuka. Panalibe. Anandipatsa katundu wanga n'kuti, "Mukatiuze mmene mukaphikire." Ndinaona kuti ndi nsanje.

Loweruka lake ndinaitana abale a akunyumba. Apongozi anga aamuna ndinawapatsa mpando wabwino, pafupi, kuti aone okha kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu woganiza. Alamu anga anakhala chauko. Akunyumba anangokana chimodzi, kuti chinthucho chisakhale pakhonde pansi pa denga, ndiye ndinachikankhira pabwalo. Chinayenda mokoma kwambiri moti ana anawomba m'manja. Bwalo lathu n'lotsetsereka pang'ono kuti madzi a mvula azipita, koma kutsetsereka kwake n'koti diso silingaone. Matayala okha ndi amene amaona.

Ndinayatsa mbaula zonse ziwiri n'kutsegula mpaka kumapeto. Anthu a pa YouTube aja amayamba ndi moto wochepa kuti chitsulo chitenthe mofanana, koma iwowo sakhala ndi apongozi anjala. Ndinathira mafuta mosaumira. Nyama kumanzere, masoseji kumanja, anyezi kutsogolo. Fungo linakwera. Apongozi anagwedeza mutu, ndipo ndikunena pano kuti kwa mphindi zingapo zimenezo ndinali katswiri, aliyense analipo angachitire umboni. Kenako ndinaswa mazira n'kuwandandalika pakati penipeni, pamwamba pa malawi.

Chiwaya chinayamba kulankhula. Poyamba kunali ti, ti, ti, kamawu kakang'ono. Alamu anafunsa kuti n'chiyani chikulira. Ndinati ndi mmene zimachitira ziwaya zamakono.

Phwaaa!

Phokoso lake agalu a kwa aneba anayankha. Pakati pa chiwaya, pomwe panali potentha kwambiri, panafuna kutambasuka. M'mbali munali mozizirirapo, ndiponso momangidwa ndi felemu monga ndinalamulira. Mamilimita atatu aja atasowa kopita m'mbali, anapita kumwamba, ndipo kamodzin'kamodzi. Chiwaya changa chafulati chinatukumuka ngati msana wa kamba. Dzira limodzi linauluka, ndinaliona ndi maso anga likutembenuzika m'malere, n'kukatera pa nsapato ya apongozi, chikasu chake chili bwinobwino osasweka. Mpaka lero palibe amene wandiyamikira chifukwa cha dzira limenelo. Otsalawo anatsetsereka mbali zonse, masoseji anagubuduzika n'kukaima m'mphepete.

Mafuta nawo anachoka paphiri paja n'kuthamangira kubowo langa lakutsogolo, onse nthawi imodzi. Mafuta okazingira amatentha kufika madigiri 180 kapena kuposa, ndipo kapu yanga yokongola ija sinapangidwire zimenezo. Inafota, inapindika khosi, pansi pake panatseguka. Ine ndinali nditaima pomwepo, nditavala masilipasi.

Sindikudziwa dzina la gule yemwe ndinavina, koma ana akumuyeserera mpaka pano. Podumpha ndinagunda felemu ndi bondo, ndipo chiwaya chinachita chomwe ndinachipangira. Chinayenda. Chinanyamuka pang'onopang'ono, mwaulemu, nyama ikadali tswaa pamwamba, moto ukuyaka pansi, n'kudutsa pamaso pa apongozi omwe anangokweza miyendo kuti chidutse. Kenako chinawonjezera liwiro.

Ndinachithamangira ndi silipasi imodzi. Ndinachipeza, n'kugwira chogwirira chachitsulo chija ndi dzanja lonse. Zoonadi chitsulo sichipsa, amisiri sakanatsutsa zimenezo. Chimene chimapsa ndi dzanja. Chogwiriracho chinali chowotchereredwa ku felemu, felemu ku chiwaya, ndipo kutentha kunali kutayenda njira yonseyo kudzandidikira. Ndinachisiya ndi mawu omwe sindinkadziwa kuti ndimawadziwa, apongozi ali pomwepo.

Payipi ya gasi inali itayamba kukungika, silinda ikugwedezeka, pomwe tayala lakutsogolo linagunda njerwa ya m'mphepete mwa maluwa. Chiwaya chinaima, mafuta sanaime. Anakhavukira kunja, ena n'kutsikira ku mbaula, ndipo lawi linakwera m'mbali n'kugwira otsala pamwamba aja. Buu!

Alamu ndi munthu wachangu. Ndisanaphethire anali atanyamula ndowa ya madzi osambira m'manja, akubwera nayo chothamanga.

"Achimwene, ayi! Ikani pansi!"

Anali akunyumba. Mawu amenewo sindinawamveponso chikwatirane, ndipo alamu anaima pomwepo, madzi n'kuwakhavukira m'thalauza. Madzi akagwera m'mafuta oyaka amamira pansi, n'kusanduka nthunzi nthawi yomweyo, ndipo nthunziyo imatenga malo oposa a madziwo maulendo pafupifupi 1,700. Imaponya mafuta oyakawo kumwamba ndi kumbali, pankhope pa wothirayo ndi pa aliyense ali pafupi. Ndowa ija ikanafika, nkhaniyi bwenzi ikulembedwa ndi munthu wina, ndipo osati moseketsa.

Akunyumba anapita pa silinda, yomwe inali patali poti amisiri anaumirira, n'kutseka gasi. Anatenga thireyi yachitsulo yomwe inabwera ndi nyama n'kuvundikira chiwaya. Chifukwa cha linunda lija thireyiyo sinakhale bwino, inkangopendama, ndiye anawonjezera chivundikiro cha poto wamkulu mbali inayo. Moto unasowa mpweya n'kufa. Anati aliyense asavundukule mpaka chizizire, apo ayi uyambiranso. Kenako anandigwira pamkono n'kupita nane kumpopi.

Uko kunabuka msonkhano wa madokotala. Wina anati tipake mankhwala otsukira mano, wina anati dzira laliwisi, ngati kuti mazira anali asanavutike mokwanira tsikulo. Akunyumba anati madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, opanda ayisi, opanda chopaka chilichonse, ndipo anandivula mphete chala chisanatupe. Mphindi 20 n'zambiri ukakhala wawerama pampopi, dzanja ndi phazi zikusinthana, kumbuyo kwako anthu akuyesetsa kuti asaseke.

Nditabwerera pabwalo ndinapeza apongozi ataimirira pafupi ndi chiwaya, manja kumbuyo, akuchiyendera mozungulira. Galu wathu anali atamaliza kale kupukuta nsapato yawo. Anawerama kuti aone bwino mmene chawotchereredwera. Nthawi yomweyo chitsulo, chomwe chinali chikuzizira, chinaganiza zobwerera kwawo.

Pho!

Thireyi inalumpha. Apongozi, munthu woyenda ndi ndodo, tinawapeza kuseri kwa mtengo, ndodo itatsala pomwe anaima. Atatulukako anakonza jekete n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi bambo, chimenechi chili ndi nthawi yake yophulikira, kapena chimangosankha chokha?"

Tinadya nyama yokazinga m'khitchini, papoto wamba.

Dzanja litapola ndinabwerera nacho kwa amisiri. Ndinawauza kuti pali tinthu tingapo tofunika kukonza, koma maganizo onse anali olondola. Sanayankhe. Anadula mowotcherera monse, anachotsa chitsulo chopyapyala chija chomwe tsopano chinali chokhota ngakhale chitazizira, n'kukhazikapo cha mamilimita 6, chongogona pa felemu. Bowo analiboola kumbuyo, chiwaya n'kuchipendeketsa pang'ono kulowera komweko, pansi pake chitini chokoka. M'mphepete anakweza. Chogwirira anavekapo thabwa, chotalikirana ndi moto. Matayala awiri anawachotsa kuti miyendo iwiri izigwira pansi, ndipo kuti chiyende uyenera kuchinyamula mbali imodzi mwadala. Ndinati chataya ufulu wake. Anati eya.

Ndikunyamuka, anatsegula bokosi lija n'kutulutsa pepala langa, lomwe anali atalisunga bwino mopanda khwinya.

"Bwana, limeneli mungandisiyire? Ndikufuna ndiziphunzitsira anyamatawa."

Mtima unakhala pansi. Ndinati, "Monga chitsanzo eti?"

"Eya," anatero amisiri, akufunafuna msomali wolipachikira. "Monga chitsanzo."