Meiosis ndi maselo anayi osafanana

Pa mitu yonse ya bayoloje imene ndawerenga chaka chino, meiosis, kugawikana kwa maselo kumene kumapanga umuna ndi mazira, ndi umene wandikhazika pansi nthawi yaitali. Maina a magawo ake, prophase, metaphase, anaphase ndi telophase, munthu angathe kuwaloweza msanga, koma chimene chinandigwira mtima ndi vuto limene kugawikana kumeneku kumathetsa. Pafupifupi selo lililonse la m'thupi la munthu lili ndi makromozomu 46 (tizingwe ta DNA tonyamula majini, malangizo a chibadwa ochokera kwa makolo), omwe amakhala awiriawiri m'magulu 23, ina yochokera kwa mayi, inzake kwa bambo. Umuna ndi dzira zikanati zizinyamula makromozomu 46 chilichonse, mwana akanakhala nawo 92, mdzukulu 184, ndipo mtundu sukanapita patali. Mu 1883 Edouard Van Beneden wa ku Belgium, pofufuza njoka za m'mimba mwa akavalo, anaona kuti maselo oberekera amanyamula theka chabe la makromozomu a nyamayo, ndipo dzina loti meiosis linadzabwera mu 1905.

Selo limakopera DNA yake kamodzi kokha, koma limagawikana kawiri, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kukoperako kukatha, kromozomu iliyonse imakhala ndi timizere tiwiri tofanana togwirana. Pa kugawikana koyamba, kromozomu yochokera kwa mayi imasaka inzake yochokera kwa bambo, yofanana nayo kukula ndiponso yonyamula majini a ntchito zofanana, ndipo ziwirizi zimagundana mpaka kupingasana. Pamalo opingasanawo timizere timaduka n'kulumikizikanso mosinthana, kotero kuti kromozomu imene imatuluka pamenepo siikhalanso ya mayi yeniyeni kapena ya bambo yeniyeni, koma yosakanikira. Kenako magulu 23 aja amafola pakati pa selo, ndipo gulu lililonse limatembenukira kumene latembenukira, osatsatira anzake, ndipo makromozomu awiri a gulu lililonse amalekana, ina kupita m'selo lina, inzake m'selo linalo. Kutembenuka kokhaku kumapereka njira 8,388,608 zosanjira makromozomu m'selo limodzi loberekera, kusinthana kwa zidutswa kuja tisanakuwerengere n'komwe. Kugawikana kwachiwiri n'kosavuta, pakuti kumafanana ndi mitosis, kugawikana kwa maselo wamba a m'thupi: timizere tiwiri tija timalekana, ndipo pomaliza pamakhala maselo anayi, lililonse la makromozomu 23.

Ine ndikuona kuti aliyense wophunzira mutuwu ayenera kujambula yekha kugawikana koyamba ndi mapensulo a mitundu iwiri, wina wa makromozomu a mayi, wina wa a bambo, chifukwa dzanja likamasuntha mitunduyo m'pamene mutu umagwira kuti zimene zikulekana poyamba ndi makromozomu athunthu, osati timizere tawo.

Maselo anayiwa sayenda ulendo wofanana mwa amuna ndi mwa akazi. Mwa mwamuna onse anayi amasanduka umuna, ndipo ntchitoyi imayamba mnyamata akatha msinkhu n'kumapitirira moyo wake wonse. Mwa mkazi selo limagawikana mokondera: limodzi limatenga pafupifupi chakudya chonse ndi kukhala dzira, pamene enawo amakhala timaselo ting'onoting'ono timene timafa. Chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi nthawi yake. Mazira a mwana wamkazi amayamba meiosis iye akadali m'mimba mwa mayi ake, amaima pa prophase yoyamba, gawo loyambirira la kugawikana koyamba, ndipo amadikira zaka zambiri kufikira mwezi umene dzira lililonse lidzakhwime. Kugawikana kwachiwiri kumatsirizika pokhapokha umuna ukalowa. Dzira la mayi wa zaka 40 ndiye kuti lasunga makromozomu ake ogwirana kwa zaka 40, ndipo mapuloteni owamanga pamodzi amafooka pakupita kwa nthawi. Makromozomu akalephera kulekana bwino, dzira limatha kutenga makromozomu awiri a nambala 21, ndipo mwana amabadwa ndi atatu, vuto lotchedwa Down syndrome, lomwe gwero lake linadziwika mu 1959. Banja limene lili ndi mwana wotere liyenera kumva zimenezi momveka bwino, kuti lisamasake wolakwa kapena mfiti pamene palibe. Chimodzimodzinso nkhani ya mwana wamwamuna kapena wamkazi: dzira nthawi zonse limanyamula kromozomu X, pamene umuna umanyamula X (wobereka mtsikana) kapena Y (wobereka mnyamata) monga mmene meiosis yagawira, choncho mayi amene akunenedwa kuti amangobereka ana aakazi akunenedwa pa chinthu chimene dzira lake silisankha.

Gawo limene landisangalatsa koposa ndi la chimanga. Umboni wooneka ndi maso wakuti makromozomu amasinthanadi zidutswa unapezeka m'chimanga mu 1931, pamene Harriet Creighton ndi Barbara McClintock, ku Cornell University ku America, anatsatira kromozomu ya nambala 9 yokhala ndi kachotupa kumapeto kwake, n'kuona kuti kachotupako kamasamuka pamodzi ndi majini oyandikana nako. Chimanga chili ndi makromozomu 20. Meiosis imachitika mu ngayaye, mmene maselo odzakhala mungu amatsala ndi makromozomu 10, komanso m'kachisononkho kanthete, mmene mwa maselo anayi limodzi lokha ndilo limapulumuka.

Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake alangizi a zaulimi amati mbewu ya haibulidi isabwerezedwe. Mbewu yogula ija imachokera kwa makolo osankhidwa mosamala, ndipo zomera zake zimanyamula majini osanjidwa mofanana, n'chifukwa chake munda umakula mofanana ndi kubereka bwino. Koma zomera zomwezo zikayamba kupanga mungu ndi mazira, meiosis imasakaniza majini a makolo aja, selo lililonse mwa njira yakeyake. Njere zimene mlimi wakolola zimaoneka zonenepa, chifukwa zaleredwa ndi phesi lamphamvu, koma kamwana kali m'kati mwa njere iliyonse kali ndi majini osiyana ndi a mnzake. Akazibzala chaka chotsatira, mapesi ena amatalika, ena amafupika, ena amachedwa kumasula, ndipo zokolola zimatsika ngakhale feteleza ndi mvula zikhale zokwanira.