Poika ma dicynodont m'magulu, minyanga imasocheretsa

Ana asukulu kuno ku Blantyre amamudziwa Malawisaurus, dinosaur wa ku Karonga, koma ku Chiweta m'boma la Rumphi kuli mafupa akale kuposa amenewo, ena mwa iwo a ma dicynodont. Sizinali dinosaur ayi. Ndi abale akutali a nyama zoyamwitsa, a m'fuko la Anomodontia, ndipo zinkabudula zomera ndi mlomo wonga wa kamba.

Dzina loti Dicynodon analipereka katswiri wa ku England Richard Owen mu 1845 ataona zigaza zomwe Andrew Geddes Bain anatola ku Karoo, ku South Africa. Limatanthauza mano awiri a galu. Vuto linayambira pomwepo. Chigaza chilichonse cha minyanga iwiri ndi mlomo chinkangoponyedwa m'dzinali ngati kudzala, mpaka mitundu inakwana 168. Mu 2011 akatswiri Kammerer, Angielczyk ndi Fröbisch atapeta mulu wonsewo, yoyeneradi dzina la Dicynodon inatsala iwiri yokha.

Mayina anachuluka chifukwa thanthwe limapsinja chigaza. Chopsinjika kuchokera pamwamba chimaphwathalala, chopsinjika m'mbali chimaoneka chowonda, ndiye nyama imodzimodzi inkabatizidwa kangapo. Mwana ndi kholo lake nawonso ankawayesa mitundu iwiri. Minyanga ndiye yosadalirika kwenikweni: mwa Diictodon, mtundu wina wa dicynodont, zina zili nayo zina zilibe, ndipo akatswiri ambiri amati za minyanga ndizo zamphongo. Oudenodon, yemwe anapezekanso ku Chiweta, alibiretu.

Ndiye ukagwira chigaza, yamba wawongola m'maganizo mbali yomwe chinapsinjikira. Kenako uyeze kutambalala kwa fupa la pakati pa mabowo awiri akuluakulu akuseri kwa maso, uone pomwe pali kabowo ka paliwombo, uchitembenuze uyang'ane m'kamwa ngati muli mano ang'onoang'ono. Endothiodon ali ndi mizere ya mano otere. Cistecephalus, wa gulu la Emydopoidea, ali ndi mutu waufupi ngati kabokosi, wa nyama yokumba una.

Gulu lalikulu ndi Bidentalia, lomwe ambiri amaligawa pawiri: Cryptodontia ya Oudenodon, ndi Dicynodontoidea. M'lachiwirili muli Lystrosaurus wa mphuno yogwera pansi, yemwe anapulumuka pomwe zamoyo zambiri zinatheratu zaka 252 miliyoni zapitazo, komanso gulu la Kannemeyeriiformes, kwawo kwa Lisowicia wa ku Poland wotalika mamita 4.5 kuchokera kumutu mpaka kumchira. Za Cryptodontia tisamazinene motsimikiza kwambiri: m'kafukufuku wina mamembala ake amamwazikana, osakhalanso nthambi imodzi.