Mvula inagwa usiku, khadi la mafuta lili mu dirowa

Anzanga a m'fildi, sabata yathayi yanditopetsa komanso yandikwiyitsa, ndiye mundilole ndingolankhula basi.

Inayamba monga mwa masiku onse nyengo ino. Lolemba a zanyengo anatulutsa chenjezo loti kum'mwera kuno kugwa mvula yamphamvu, ife a bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuno ku Blantyre tinaliponya m'magulupu a WhatsApp a makomiti athu a m'madera, kuimbira mafumu, kuzungulira ndi chimkuzamawu, zija mumazidziwa kale. Lachiwiri tinayendera ngalande ndi timilatho ta m'mbali mwa Mudi ndi Nasolo. Zomwezija, majumbo, mabotolo, matewera a ana, chilichonse chatseka njira ya madzi, kwinaku anyamata akukumba mchenga pansi penipeni pa mlatho. Ndinalemba mu lipoti monga ndinalembera chaka chatha.

Nkhani yanga ndi ya Lachitatu usiku. Mvula inayamba chakumadzulo osakata, ndiye cha m'ma 1 koloko foni ikulira, ndi tcheya wa komiti yathu ina ya kumtunda kwa Ndirande. Akuti achimwene bwerani, mpanda wagwera nyumba, muli ana. Ndinaimbira dalaivala wathu nthawi yomweyo, iye anadzuka ndithu, munthu wabwino kwambiri uja, koma akuti galimoto ili pa empty ndipo khadi la mafuta latsekeredwa mu dirowa ya abwana. Tangoganizani. Chenjezo tinalilandira Lolemba, ofesi yonse ikudziwa kuti sabata ino kuvuta, koma palibe anaganiza zothira mafuta ngakhale malita ochepa chabe. Abwana foni yawo yothima.

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto wa ndalama zanga, mnyamatayo anandidula mtengo ndipo sindikumudandaula, mvula imeneija ndani angayende ulere. Anandisiya pomwe msewu unasanduka mtsinje, kwinako wapansi ndi tochi ya pafoni. Pofika ndinapeza anthu achita kale ntchito ndi makasu, mafosholo ndi manja. Mpanda wa neba wa kumtunda, wa njerwa zomangira dothi, wopanda ndi pothawira madzi pomwe, unakhuta madzi n'kugwera chipinda chomwe munagona ana atatu. Awiri anatuluka ndi mabala chabe, wamng'ono mwendo unathyoka, amalira mpaka mawu anatha. Tinamugoneka pa chitseko n'kutsika naye pang'onopang'ono poterera paja mpaka kumsewu, bambo wina wogulitsa makala ndi amene anatulutsa kagalimoto kake kupita naye kuchipatala. Galimoto ya bungwe, yolembedwa bwinobwino m'mbali zonse za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ili phee kuofesi.

Koma chomwe chikundisowetsa tulo si mwendo wa mwana uja, madokotala auika pulasitala ndipo achira. Kutacha ndinatulutsa fomu kuti ndilembe, mayi ake anandiyang'ana nati, "Achimwene, dzina langa munalilemba kale nthawi ya namondwe wa Freddy, mukufuna mulilembenso?" Ndinayang'ana pa mndandanda wathu wa nyumba zomwe zili pachiopsezo, alipodi. Ndinati amayi, paja tinakuuzani kuti malo ano si abwino. Iwo akuti, "Ndinamva, nanga ndipite kuti? Kumusi lendi mundilipirira ndinu?" Mayi ameneyu amagulitsa tomato ndi masamba, nyumbayo ndi ya lendi, anakhala pamenepo chifukwa ndi pomwe angakwanitse. Eni nyumba amakhala kwina kouma, mwina mpaka pano sanabwere ndi kudzaona komwe.

Amene tinagwira ntchito nthawi ya Freddy mu March 2023 timakumbukira zomwe phiri la Soche linachita ku Chilobwe, matope ndi miyala ikuluikulu kutsika usiku anthu ali mtulo, kenako makalasi a ku Manja kudzaza ndi anthu osowa pogona. Dziko lonse tinataya anthu oposa 1,000 ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Nthawi imeneyo aliyense amalumbira kuti m'mapiri simukhalanso munthu, lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi linadutsanso chaka chomwecho. Kwerani lero ku Soche, Ndirande kapena Bangwe mukaone. Anthu anabwerera, ena akumanga kumene, mitengo ikupitabe ku makala. Sindikuti ndi osamva ayi, ambiri mwa iwo anaika maliro a abale awo ndipo mvula ikangolimba sagona. Kungoti chenjezo lopanda kopita ndi phokoso chabe.

Ndipo pali china chomwe a kuofesi samvetsa akamakonza mapulani awo. Amatenga Blantyre ngati Chikwawa kapena Nsanje. Kuchigwa kuja Shire ndi Ruo akamakwera nthawi zambiri pamakhalako kampata, a kumtunda amatha kuimba foni kuti madzi akubwera, anthu n'kuthawira kumtunda ndi mbuzi zawo. Kuno kulibe zimenezo. Dothi likakhuta madzi pamalo otsetsereka limangochoka, mphindi zochepa zatha, mofanana ndi napolo amene agogo athu a ku Phalombe amasimba wa 1991. Ndiye munthu ukandiuza kuti ndidikire kuche kuti tisaine za mafuta ndimangoona kuti sunayambe waimapo pansi pa phiri mvula ikugwa. Ndipotu izi sizikubweranso mwa apo ndi apo, namondwe wa Idai 2019, Ana 2022 uja anawononga malo opangira magetsi a Kapichira tonse n'kukhala mumdima miyezi, Gombe chaka chomwecho, kenako Freddy, 2024 chilala. Nanga mpaka liti tizidzidzimuka ngati zachilendo?

Lachinayi ndiye linandimaliza. Usiku womwewo m'dera lomwelo nyumba zina zinagwa makoma, zina madzi analowa n'kunyowetsa ufa ndi zofunda zonse. Mu weyahausi yathu muli mapepala a pulasitiki ofolera, zidebe, mabulangete, ndinaziona ndi maso anga. Wosunga makiyi akuti sangatulutse popanda siginecha, ndipo iyeyo sindimuda, akatulutsa yekha mawa amuti wakuba. Siginecha ili ndi abwana, abwana ali kunyanja ku wekishopu, mutu wake wa wekishopuyo ndi kukonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Atayatsa foni masana funso loyamba silinali loti mwana ali bwanji, akuti zithunzi zili kuti, a donor akufuna zithunzi zooneka bwino zokhala ndi GPS. Ndinayankha mwaulemu kuti bwana zithunzi zilipo koma anthu agona pa simenti m'tchalitchi opanda chofunda. Akuti tumizani kaye lipoti pa imelo. Magetsi atathima, laputopu yatha moto, ndinakalembera pa shopu ya mnzanga wina amene ali ndi jenereta.

Ulemu wanga upite kwa makomiti a m'madera. Anthu aja salandira kalikonse, mayunitsi amagula okha, ena alibe ndi gambutsi zomwe, koma ndi amene anadzutsa anzawo khomo ndi khomo usiku uja, ndi amenenso anapempha abusa kuti atsegule tchalitchi. Amfumu anasonkhetsa ufa pang'onopang'ono mabanja aja anadya phala. Ife a mayunifolomu tinafika ndi bolopeni.

Katundu anatuluka Lachisanu masana, tinagawa, anthu anasaina, zithunzi zinajambulidwa zokongola ndithu. Madzulo ake tinayenda ndi alangizi a zaumoyo kugawa klorini chifukwa zimbudzi zingapo zinagumuka ndipo zitsime zili kumusi kwake, amene anaona kolera ya 2022 mpaka 2023 safuna kuuzidwa kawiri. Loweruka ndinangogona, thupi lonse kuphwanya.

Ndalemba kalata yopempha kuti nyengo ya mvula khadi la mafuta lizikhala ndi dalaivala, komanso pakhale munthu wachiwiri wosainira katundu abwana akachokapo. Mpaka pano sanayankhe, ndalama yanga ya kabaza ija akuti ndibweretse lisiti. Kabaza wa 1 koloko usiku lisiti alitenga kuti?