Kandalama ka ku Port Louis

Tulo takana. Kandalama kachitsulo kaja kadakali patebulo apa, nkhope ya mdala wa magalasi ikundiyang'ana.

Ndinakapeza masana m'chitini cha mabatani kwa amalume. Nditafunsa kuti ameneyu ndani, iwo anasiya tiyi wawo.

"Mphwanga, ameneyo ndi Ramgoolam, Kamuzu wa ku Mauritius. Kwawo amangoti Chacha."

Amalume anapitako kamodzi pa ntchito zanzimbe, koma amakamba ngati anabadwira konko. Akuti Seewoosagur Ramgoolam anabadwa mu 1900, anaphunzira udokotala ku London, ndipo dziko litalandira ufulu kuchokera kwa Britain pa 12 March 1968 nduna yaikulu anali iye. Sekondale yaulere anaibweretsa ndi iyeyo. Chomwe chimawakomera kwambiri ndi chisankho cha 1982: chipani chake chinaluza mipando yonse 60, mpando wake womwe, iye n'kunyamula katundu osachita phokoso.

Ine pakamwa panga sipamva. Ndinati, "Nanga za Chagos, malume?"

Zii.

Mu 1965, ufulu usanabwere, Britain inadula zilumba za Chagos ku Mauritius n'kupereka mapaundi 3 miliyoni, Ramgoolam ali pa zokambiranazo. Anthu akumeneko anasamutsidwa kuti America imange malo a asilikali pa Diego Garcia, chimodzi mwa zilumbazo. Agalu awo anaphedwa, ambiri mwa eni ake n'kukatsitsidwa padoko ku Port Louis, likulu la Mauritius, ngati matumba.

Amalume anati, "Iwe ukanatani? Mzungu wagwira mpeni kumpini, iwe wagwira kuchitsulo." Ndinayankha kuti amene anavomera sanataye nyumba yake. Apo ndinalakwa kayankhidwe, ndikudziwa. Anangotola kapu yawo n'kukakhala pakhonde, azakhali akundiyang'ana m'mbali.

Chikundiwawa n'chakuti mwina akunena zoona. Mu 2019 khoti la dziko lonse lapansi ku The Hague linati kudulako sikunali kovomerezeka, ndiye mlandu waukulu uli kwa a Britain. Komabe bwalo la ndege la ku Mauritius lili m'dzina la mdalayu, mwana wake Navin anabwereranso pampando mu 2024, pamene agogo ambiri a ku Chagos anamwalira osapondanso kwawo. Ndimafuna munthu akhale woyera kapena wakuda, basi, ndipo sindikonda ndikakanika kumuika mbali imodzi. Mwina ndi njala chabe, nsima ndinaisiya theka.

Potsanzikana anandiponyera kandalamako m'manja. "Tenga, uzikakangana naye wekha."

Mawa ndiwaimbire kapena ndidikire kaye Lamulungu?